Tsiku Limene Ndinaphika Amalume a Mkazi Wanga

Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa chifukwa chake Loweruka lililonse mumandiona ndikuyendetsa galimoto pang'onopang'ono pamsewu wa ku Mkaika, ine thukuta lili kamukamu, pambali panga patakhala mkulu wina atatsinzina ngati ali m'pemphero. Chabwino, lero ndikuuzani, museke kamodzi n'kundisiya.

Ine ndili ndi kagolosale pa Katete, koma ndimagona kumudzi kwa mkazi wanga cha ku Mkaika, pachikamwini, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. M'mawa ulendo, madzulo ulendo. Ndiye ndinati basi zakwana, ndipemphe chitengwa, ndiwatenge amake Chisomo tikakhale kutauni. Koma nkhani zoterezi wovomera kapena wokana si mkazi wako ayi, ndi amalume ake, eni mbumba. Athuwa ndi a Banda, mkulu wosalankhulalankhula, woyenda chowerama chifukwa cha msana umene wawazunza zaka zambiri. Ankhoswe anga atakapempha, iwo anangoti, "Tamva. Tiyankha tikabwerako ku ukwati wa ku Sinda."

Ine mumtima ndinati mwayi ndi umenewu. Ndinali nditangogula kagalimoto kochokera ku Japan, kogwirapo kale ntchito, ndiye ndinati ndiwanyamula ndine, aone okha kuti mwana wawo akupita kwa munthu wodziwa zinthu. Tsiku logula lija mwini wake anafuna kundionetsa mabatani a pa dashibodi, poti zolemba zake zambiri n'za Chijapani. Ine ndinati, "Musavutike bwana, galimoto ndi galimoto." Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ulendo uli mawa, ndinachapa mipando ndi sopo ndi madzi ndowa ziwiri, kuchapa kwenikweni, ngati bulangete. Pamwamba inauma bwinobwino, za m'kati sindinafunse. Mankhwala opukutira dashibodi ndinalibe, koma munthu wa golosale sasowa nzeru, ndinatenga saladi, mafuta ophikira omwewa, n'kupaka paliponse mpaka chiwongolero chomwe. Inawala, abale, moti nkhuku zinkabwera kudzadziyang'anira.

M'mawa mwake tinanyamuka, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kulusa. A Banda anakhala kutsogolo atavala suti yawo yotuwa. Kumbuyo kunakhala amake Chisomo ndi mayi awo, apongozi anga, amene chikwatirireni sitinalankhulanepo maso ndi maso. Mawu athu amadzera mwa mwana wawo, ndiwo mwambo wake.

Tisanafike pamsewu wa tala tinapeza lole ya feteleza ili patsogolo, fumbi koboo. Ndinatseka magalasi onse n'kudina batani lokhoma kuti wina asatsegule, lokhalo limene ndinkalidziwa bwino. Kenaka ndinalengeza: "Amalume, musadandaule za kutentha. Muno muli eyakoni, mumva mphepo ya mu Juni."

Tsono pa dashibodi pali kozungulitsa kamene kamaonetsa manambala, kuyambira 18 mpaka 32. Inu mukanasankha iti? Ine ndili ndi furiji m'shopu, ndipo furiji yanga ukaika pa nambala yaikulu ndiye kuti zakumwa ziuma gwaa. Ndinazungulitsa mpaka 32. Pafupi ndi giya ndinaonanso batani lojambulidwa mpando ndi timizere tokhotakhota tokwera m'mwamba. Ndinati ehee, kamphepo kapampando aka, ulemu kwa akuluakulu. Ndinadina la mbali ya a Banda, kanyali kofiira n'kuyaka.

Mphepo inabwera, inde, koma inali ya m'ng'anjo ya njerwa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina imayamba choncho, paja ngakhale furiji imatentha kumbuyo. Ndinawonjezera mphamvu ya chokupizira.

"Amalume, mphepo ikufika?"

"Ikufika, akamwini," anatero a Banda, maso ali kutsogolo.

Titakwera tala, saladi uja anayamba kugwira ntchito yake. Fungo linadzaza galimoto yonse. Ndinamva apongozi akunong'oneza mwana wawo, komatu kunong'ona kwake koti ndimve: "Uwafunse atate a Chisomo, kodi muno muli wina akukazinga vitumbuwa?"

"Atate a Chisomo, amayi akufunsa ngati muno muli wina akukazinga vitumbuwa."

"Uwauze kuti ndi fungo la galimoto zakunja."

"Amayi, akuti ndi fungo la galimoto zakunja."

Tonsefe tinali motalikirana mkono umodzi.

Kenaka madzi ndowa ziwiri aja anakumbukira kuti ali m'mipando. Nthunzi inayamba kukwera, magalasi anachita chifunga, msewu osaoneka. Ndinayatsa mawaipa, iwo n'kumapukuta kunja pamene vuto lili m'kati. Ndinapukuta ndi dzanja, kuiwala kuti dzanjalo lili ndi saladi wa pachiwongolero, galasi linangoipiratu. Apa ndinayamba kudina chilichonse chodinika. Magetsi angozi anayaka, wailesi inalira, mwadzidzidzi mawu a mayi wina anatuluka mu dashibodi akulankhula Chijapani mwaulemu kwambiri.

"Uwafunse," anatero apongozi, "mayi ameneyo ndani?"

Funso limenelo amake Chisomo sanalipereke. Anangondiyang'ana pagalasi lapakati.

Mwina mukuti bwanji osangotsegula magalasi? Mwafunsa bwino. Koma munthu amene walonjeza Juni pamaso pa eni mbumba angatsegule bwanji galasi n'kuvomera kuti ndi Okutobala? Ndinapirira. Apongozi ankakanda batani la galasi lawo, ine ndinali nditakhoma. A Banda anavula chipewa, patapita kanthawi anamasula tayi, kenaka anayamba kusunthasuntha pampando ngati akhalira linthumbu. Koma kudandaula ayi, mlendo sanyoza za mwini nyumba. Ine mumtima ndinadziwa kuti chitengwa changa chikupsa limodzi ndi iwo.

Ndinagonja titapatuka ku Sinda kulowa kamsewu kafumbi kopita kuukwati. Ndinatsegula magalasi onse kamodzi, ndipo nthawi yomweyo minibasi ya operekeza mkwatibwi inatidutsa. Fumbi lonse linalowa, n'kumata pa dashibodi ya mafuta ija, n'kumatanso pankhope zathu zathukuta. Tinafika paukwati tili ofiira ngati tachokera koumba njerwa.

A Banda anatsika pang'onopang'ono. Kumbuyo konse kwa suti yotuwa ija kunali kutanyowa, kuyambira m'mapewa mpaka m'munsi mwa thalauza, kukufuka nthunzi. Azimayi amene ankavina pachipata anasiya nthungululu pakati. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Akuluakulu aja atatsika, amake Chisomo anatambasula dzanja ali kumbuyo komweko, anabweza kozungulitsa kaja pa 18, anazimitsa kanyali kofiira. Mphepo yozizira inatuluka, yabwino, ya mu Juni yeniyeni.

"Iyi si furiji ya m'shopu mwanu, atate a Chisomo. Manambalawa ndi a kutentha. Ndipo batani ilo ndi lotenthetsa mpando."

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndakweramo kangati m'galimoto ya abusa? Koma ndikanakudzudzulani pamaso pa amalume?"

Mawa lake tinaitanidwa pabwalo pa a Banda, ine ndi ankhoswe anga. Apongozi ndi amake Chisomo tinawapeza atakhala kale pamphasa. Ndinapita nditakonzeka kale kukanidwa, mawu opepesa ali pakamwa. Koma ndinadabwa kuona mkulu uja akutuluka m'nyumba ali chilili, wowongoka ngati mlongoti, ndodo ataiiwala m'kati.

"Akamwini," anatero, "msana uwu ndapita nawo kuzipatala, ndatemera mphini, ndathowa ndi madzi otentha mpaka nkhuni zinatha. Palibe chinathandiza. Koma mpando wanu uja! Chinyezi chake, moto wake, wandifika penipeni. Ndagona tulo ngati khanda."

Mtima wanga unayamba kubwerera m'malo. Ankhoswe anandigunda ndi chigongono.

"Tsono za chitengwa zija," anapitiriza a Banda, "takambirana ndi alongo angawa. Munthu wa mpando woterewu sitingamulole kupita kutali. Mukhale pompano. Loweruka lililonse muzindiyendetsako mpaka patala n'kubwerera, ndipo mipando muzichapa Lachisanu monga munachitira muja."

Apongozi anawerama n'kunong'oneza mwana wawo. Amake Chisomo anatembenukira kwa ine, nkhope ili phee: "Amayi akuti iwo muziwasiya, ayenda pa njinga."

Ndiye ndi zimenezo, anzanga. Ndikadali pachikamwini, chaka chachisanu ndi chiwiri chikubwera. Ndinalumbira kuti batani limene sindikulidziwa sindidzalidinanso pamaso pa akuchikazi, ngakhale litajambulidwa mngelo. Limene ndikulidziwa bwino koposa tsopano ndi la kanyali kofiira lija, ndipo a Banda amalidina okha ndisanalize n'komwe injini.