Mlonda wa Kaundula wa Mpingo

Lolemba
Kuyambira lero ndine mlonda wa kaundula wa mpingo wathu wa ku Biwi. Mayina, manambala a foni, zaka zobadwa, wokwatira ndani, wosiyidwa ndani, zonse zili mu laputopu, ndipo laputopu ili kwa ine! Andisankha chifukwa ndimakonza mafoni ku Mchesi. Akuti manambala a anthu akhala akungomwazika ngati mankhusu. Malamulo anga kwa wofuna kanthu:
- Pempha pa WhatsApp.
- Nena chifukwa.
- Avomereze a Tcheya a mpingo, kenako ine.
Za chibale kuno ayi!

Lachiwiri
Mapempho akutuluka ngati ngumbi.
Mnyamata wa kwaya akufuna nambala ya Tadala, mtsikana woimba soprano. Chifukwa: "za uzimu."
Mayi Nachisale akufuna chaka chobadwa cha Mayi Nambewe, akuti munthu sangakhale m'gulu la achinyamata mpaka Yesu adzabwere.
Wina akufuna manambala onse kuti aziwapempherera eni ake. Kodi kumwamba amafunsa nambala?
Onse ndawakaniza. Kukaniza munthu n'kokoma bwanji!

Lachitatu
Pempho lochokera kwa a Tcheya eni ake: nambala ya mayi wamasiye wa ku Kawale. Chifukwa: "kuyendera odwala." Wodwalayo dzulo ndinamuona atasenza thumba la makala. Apempha okha, avomereza okha, kwatsala ine. Ndazimitsa foni. Ndidzanamizira magetsi.

Lachinayi
Akazi a Tcheya ali pabenchi panga ku Mchesi. Safuna nambala ya munthu ayi. Akufuna kudziwa kuti ndani wapempha nambala ya ndani. Izi sindinaziganizireko!
Ndikuwauza mwaulemu kuti pempho lawo liyambe ladzera kwa a Tcheya. Akundiyang'ana ngati nsomba ya dzana.
"Chabwino achimwene, ndikawapempha bwinobwino kunyumba."
Mulungu awasunge a Tcheya.

Lachisanu
A Tcheya alawirira kumudzi ku Dedza, akuti kukaona mbatata. Foni yawo sikupezeka. Ndiye lero lomweli kwamwalira bambo wina wachikulire wa mumpingo, ndipo nambala ya mwana wake wa ku Joni ili mu laputopu mokhamu. Ndikuti tidikire chilolezo. Mkulu wa mpingo akundikalipira pamsewu: "Mtembo udikire mbatata?"
Ndapereka. Nambala imodzi yokha!
Kenako ya mwini lole. Kenako ya wokhoma bokosi. Kenako ya amayi ophika onse. Pofika masana makasitomala akundithawa, ndangopereka laputopu ndi pasiwedi yomwe kwa mlembi wa amayi. Walumbira kuti sauza munthu.

Loweruka
Kumaliro. Pasiwedi yafika kutali kuposa uthenga wa malirowo. Laputopu ili pamphasa pakati pa amayi, ikuyenda dzanja ndi dzanja ngati mbale ya mchere. Zomwe zachitika mwambo usanayambe:
- Chaka cha Mayi Nambewe chawerengedwa mokweza. Akulira kuposa anamfedwa.
- Tadala wathyola simukhadi yake.
- Akazi a Tcheya akhala pafupi ndi mayi wa ku Kawale, akugawana chitenje, akuseka. Izi ndiye zoopsa zenizeni.
Mlembi wa amayi akuti ndisadandaule, za malemu walemba kale yekha mu kaundula.

Lamulungu
Laputopu yabwerako ikununkha utsi. Palibe amene akupemphanso kanthu, aliyense ali nazo zonse m'foni mwake.
Nthawi ya zolengeza abusa akuwerenga amene watisiya sabata ino. Akutchula dzina langa! Ine ndi malemu timafanana mfunda, mlembi wa amayi anapha wolakwika. Ndaimirira, ndakweza dzanja. Abusa akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Khalani pansi, achimwene. Madandaulo a kaundula amapita kwa woyang'anira kaundula, ndipo iyeyo ndi amene tikumulirayu."
Ndakhala pansi. Nyimbo imene andiimbira ndi yabwino ndithu.