Sabata Imene Kapitawo Analowa M'mafoni

Lolemba

Lero pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta ndi foni yoyendetsera ntchito yayamba pa kampani yathu, ndipo woiyambitsa ndine. Ndine amene ndinaimirira pa miting'i mwezi watha, pamaso pa bwana wamkulu, n'kunena kuti pofika Lachisanu lino nthambi zathu zonse, ya zakudya, ya hadiweya ndi ya zovala, zidzakhala zikuyendera chinthu chimodzi. Palibe anandikakamiza. Pakamwa panga pomwepa.

Nkhani yake njosavuta. Ntchito iliyonse ilowe m'pulogalamu ndi dzina la mwini wake. Isanathe imaoneka yofiira. Ikatha, mwini wake adine batani, isanduke yobiriwira. Basi. Poyesera pake ndi sitolo yatsopano ya ku Area 10 imene tikutsegula Loweruka: a hadiweya apereke mashelefu, a zakudya katundu, a zovala mayunifomu a ogulitsa. Zikayenda bwino, bwana akuti mpando wa mkulu wa mapulojekiti ndi wanga.

Maphunziro ku ofesi yathu ku City Centre. Ndakonza:
— mipando
— masamusa ndi zakumwa
— zithunzi zoonetsa pakhoma, zimene ndapanga mpaka maso kuwawa.

Masamusa atha onse. Zithunzi sizinaonedwe, magetsi azima ndisanafike n'pakati pomwe. A Mbewe, manijala wa hadiweya ku Area 2, akuwodzera mosabisa. Mayi Nkhoma a zakudya akunditcha "mwana wanga" pagulu. Ine, mayi wa ana awiri! A Tembo a zovala okha ndiwo akumvetsera ndi kufunsa mafunso. Mulungu awadalitse a Tembo.

Lachiwiri

Dalitso lija la a Tembo ndalanda.

A Tembo chiyambire m'mawa akulowetsa ntchito: kutsegula chitseko, kusesa pakhonde, kugula mkaka wa tiyi, kuthamangitsa mphaka m'sitolo. Iliyonse aiika kuti ndi yachangu, ndipo iliyonse auza pulogalamu kuti idziwitse kampani yonse. Mafoni akulira kuchokera ku Old Town mpaka kuno. Za mayunifomu sanalembe.

Anthu aipatsa kale dzina pulogalamuyi: Kapitawo. Akuti poti yokha sigwira ntchito, imangokumbutsa anzake.

Masana ndakwera minibasi kupita kwa a Mbewe, poti galimoto ya kampani yapita kukatenga ana a bwana ku sukulu. Ndawapeza pakati pa matumba a simenti, foni ku khutu, ina m'thumba ikulira. Akuti pasiwedi aiwala. Ndawapangira ina. Akuti njovuta, ndiikemo dzina la akazi awo. Ndaikamo. Akuti ayi, kunyumba sawatchula dzina limenelo.

Potsazikana andiuza kuti, "Mayi, ine ndinayamba kupereka mashelefu inu musanayambe sukulu. Munthu akafuna shelefu amandiimbira."

Ndabwerera fumbi la simenti lili mbuu m'tsitsi limene ndangokonzetsa kumene.

Lachitatu

Mayi Nkhoma alowa m'pulogalamu! Ndatsala pang'ono kuvina mu ofesi. Kenako ndaona chimene alowera. Atulukira kuti ntchito yako ungathe kuiika pa dzina la munthu wina.

Zimene zili pa dzina langa tsopano:
— kupeza lole ya Lachisanu
— kuitana wokonza filiji
— kulongedza sopo
— kufunsa a Mbewe za wilibala ya nthambi ya zakudya imene anabwereka chaka chatha.

Ndawaimbira, mwaulemu wonse, mano nditaluma. Yankho lawo: "Mwana wanga, iwe unati chinthuchi chidzachepetsa ntchito. Kwa ine yachepadi."

Nkhani ya wilibala yakula. Pansi pa ntchito iliyonse pali malo olembapo ndemanga, ndipo mayi Nkhoma alembapo zimene akhala akusunga mumtima chaka chonse. A Mbewe salowa m'pulogalamu, choncho a Tembo akuwawerengera pa foni, n'kumawalembera mayankho awo, mawu ndi mawu, osachotsa kalikonse. Kampani yonse ikutsatira. Akalaliki amene Lolemba ankati alibe netiweki, lero netiweki ayipeza. Wina wafika pondifunsa ngati n'zotheka kuikapo chithunzi cha wilibalayo.

Mashelefu akadali ofiira. Palibe akuwayang'ana.

Lachinayi

Izi zafika poti bwana alankhule okha. Ku ofesi kulibe, akuti ali kunyumba ndi chimfine. Ndapita ku Area 12 komweko. Mlonda wanditsegulira, wandikhazika pakhonde. Ndakhala pamenepo kuonerera wa m'maluwa akuthirira kapinga, agalu awiri akundinunkhiza nsapato.

Bwana atuluka atavala masilipasi. Ndayamba kufotokoza, ndipo pang'onopang'ono ndazindikira chinthu chowawa: iwonso sanaitsegulepo. Munthu amene anasayina kuti igulidwe! Akuti imelo ya pasiwedi anaiona, koma anaganiza kuti ndi akuba a pa intaneti.

Ndawaonetsa pa foni yanga. Pofiira pokhapokha. Ayang'ana nthawi yaitali, amina chimfine, n'kunena kuti zofiirazi sizikuwasangalatsa. Pomwepo atumiza uthenga kwa mamanijala onse: mawa madzulo sakufuna kuona chofiira chilichonse, ndipo amene adzakhale nacho adzabwere adzafotokoze yekha.

Mawu amodzi a bwana, ntchito imene ine ndalephera sabata yonse. Zikundipsetsa mtima, komabe pobwerera ndadzigulira chipisi ndi nkhuku.

Lachisanu

Pobiriwira! Ponse! Ngakhale a Mbewe!

Ndatsegula kompyuta kawiri kuopa kuti maso akundinamiza. Mashelefu: zatheka. Mayunifomu: zatheka. Wilibala nayo akuti zatheka. Zanga ndazichita ndi manja angawa: wokonza filiji wabwera, lole ndaipeza ndipo ndaitumiza kwa mayi Nkhoma, yakhala ikututa katundu tsiku lonse. Sopo ndalongedzadi, ine, ndi digiri yanga.

Bwana abwera ku ofesi, aitana anthu onse, andiimika kutsogolo. Akuti uku ndiye kugwira ntchito kwamakono. Anthu awomba m'manja, ngakhale aja amene anayambitsa dzina la Kapitawo.

Ndaimbira a Mbewe kuti ndiwathokoze, sakuyankha. Ndimafuna kudutsa ku Area 10 ndikaone ndi maso, koma bwana akufuna ndiwalembere zokalankhula mawa. Akuti nditchulemo pulogalamuyi kwambiri. Ndaitchula kwambiri.

Loweruka

Riboni ilipo. Mabaluni alipo. Zokuzira mawu zikugunda. Magalimoto adzaza panja.

Mashelefu kulibe.

Shuga, sopo, mafuta ophikira, mpunga, zonse zili pansi pa simenti, milumilu, ngati zalandidwa pa rodibuloko. Mayunifomu afika, inde, onse saizi imodzi, ya a Tembo eni ake. Atsikana ogulitsa akupinda mikono ya malaya mpaka m'zigongono, makolala akuwafika m'makutu.

A Mbewe afika atatchena suti. Ndawakokera pambali. Akuti mashelefu ali bwinobwino ku Area 2, opukutidwa kale, koma palibe amene anawaimbira. Nanga pobiriwira paja?

"Bwana anati sakufuna zofiira, mayi. Ndinadina zonse. Chinthu chanucho chinasiya n'kulira komwe."

Bwana afunsa kuti lole yonyamula mashelefu inali udindo wa yani. Mayi Nkhoma akuti lole ili pa dzina la mwana wawoyu. A Tembo atulutsa foni n'kuonetsa bwana dzina langa, atalikulitsa ndi zala. Koyamba pulogalamu yanga kugwiritsidwa ntchito molondola, ndipo aigwiritsa pa ine!

Kutuma lole ku Area 2 n'kosatheka, dalaivala wapita ku ukwati ku Mitundu ndi makiyi m'thumba. Mmodzi mwa ogulitsa amapemphera pa tchalitchi chapafupi, wakatipemphera matebulo oti tiyalepo katundu. Ndanyamula nawo, pa nsapato zazitali, kudutsa pakati pa alendo. Bwana adula riboni, alankhula, ndipo ndime zonse za pulogalamu azilumpha.

Mayi wina wa magalasi aakulu, akusankha mpunga pa tebulo la kwaya, wandiuza kuti wakonda kwambiri maonekedwe a sitoloyi. Akuti ikumukumbutsa Msika wa Lilongwe, koma wopanda matope. Wafunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya yani. Mayi Nkhoma aloza ine.

Lamulungu

Msana. Mapazi. Ulaliki sindinaumve.

Ndikutuluka m'tchalitchi, bwana aimba. Akuti dzulo madzulo anakhala pansi ndi mamanijala onse atatu, ndipo agwirizana. Pulogalamu ndi yabwino, isachotsedwe. Vuto ndi loti ikugwiridwa ndi manja ambiri. Kuyambira mawa aliyense akakhala ndi ntchito aziimbira ine, ine ndizilowetsa. Ikatha aziimbiranso ine, ine ndizidina. Za mpando uja akuti tidzakambirana zinthu zikakhazikika.

Chilowereni ntchito pa kampani ino sindinamvepo kuti a Mbewe, mayi Nkhoma ndi a Tembo agwirizana pa kanthu. Bwana akuti nkhani yake sinatenge n'nthawi yomwe, tiyi anali asanazizire.

Ndati zikomo bwana. Ndinenenso chiyani.

Asanadule awonjezera kuti a tchalitchi chija akufuna matebulo awo masana ano, amayi ali ndi msonkhano, ndiye ndikawabweze ine. Dalaivala wabwerako ku ukwati, koma kutsogolo kwa lole wakweza alamu ake ndi mbuzi imene amupatsa. Choncho ndikulemba izi ndili kumbuyo, pamwamba pa matebulo, ndi chitenje changa cha ku tchalitchi, anthu a m'magalimoto akundiyang'ana.

Ndikafika kunyumba ndilowetsa ntchitoyi pa dzina langa, n'kudina ndekha.