Che Maliki ndi Mbalame za ku Madamu a Zimbudzi

Mu Hillbrow monse munalibe Mmalawi wosadziwa kuti Che Maliki ankatha tsiku lathunthu akuyang'ana mbalame, osadyako ndi imodzi yomwe. Munthu wa ku Machinga, wokulira mpheta zootcha, kufika ku Joni n'kumangozilemba m'kope! Matendawa anawatengera kwa mzungu amene ankamusamalira maluwa, yemwe pochoka anawasiyira magalasi oonera patali.

Amene anazunzika nawo kwambiri ndi Fahad, wogulitsa matchaja a foni pa renki ya matakisi. Iye ankafuna kukwatira Farida, mwana wa mlongo wake wa Che Maliki, ndipo popanda mawu a mjomba ukwati panalibe.

"Za Farida tikambirana," anatero Che Maliki. "Koma uyambe waphunzira mbalame. Sande m'mamawa, ndipo usavale zofiira."

Sande yoyamba anamukweza padenga la fulati, pomwe zitosi za nkhunda zinkafika m'kakolo. Yachiwiri anapita naye kudzala la zinyalala za mzinda, ntchentche zikuchita kulimbirana pakamwa.

"Taona kakowa uyo! Kuyera ngati mkanjo wa pa Idi!"

Fahad anamuonadi kakowayo, akukoka thewera la mwana. 

Sande yachitatu ndiyo inanyanya. Anakwera matakisi awiri mpaka kumadamu kumene kumathera zimbudzi za mzinda, ndipo fungo linawalonjera asanatsike n'komwe. Madzi ake obiriwira, thovu pamwamba, abakha akusambamo mosatekeseka. Che Maliki anakhala pansi, natulutsa sikono, n'kuyamba kudya. Kudya, anthuni, pamalo ngati amenewo!

"Ongoyamba kumene amathamangira kumapaki," anatero akutafuna. "Mbalame imapita komwe kuli chakudya. Dzuwa likhale kumsana kwako, ukhale phee, uzipuma bwinobwino."

"Ndizipuma?" Fahad zinamukwana. "Wallahi amjomba, izi n'zonyansa! Nsapato ndataya, mseru sukundichoka, nkhuku yomwe ndasiya kudya. Mbalame zanuzi n'zauve. Ngati Farida ndimupezera muno, ine ndalephera!"

Atangotseka pakamwa anadziwa kuti wadziphera yekha ukwati. Che Maliki anatsitsa magalasi aja, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anyamata atatu ndinabwera nawo pano iwe usanabwere. Onse anati, eish amjomba, malo okongola bwanji. Munthu woyamikira chimbudzi angamuuze zoona mwana wanga? Kawauze akwanu abwere tidzakambirane." Anamunyemera sikono. "Idyako."

Fahad anakana, ndipo anachita bwino.

Ukwati unachitika. Che Maliki anamwalira chaka chatha, maliro anapita kwawo ku Machinga. Fahad sanapondekonso kumadamu kuja, ndipo mukamukumbutsa amalavula. Sande amagona mpaka dzuwa kuswa mtengo, palibe wogogoda, koma amati tulo take sitikoma. Akuwasowa, ngakhale kuvomera kumamuvuta.

Tsiku lina kambalame kofiira pakhosi kanatera pazenera la fulati lawo.

"Kameneka dzina lake n'chiyani?" anafunsa Farida.

Fahad anasolola foni, n'kuyamba kufufuza nambala ya amjomba. Kenako anaibweza m'thumba pang'onopang'ono.

"Ndi mbalame basi," anatero.