Pakamwa Panga Panandilanda Mkazi ku Kabudula

Anzanga onse amene ndinkasewera nawo mpira wachikulunga ali ndi ana kusukulu. Ine ndikudziphikirabe ndekha. Palibe anandilodza ayi, ndi pakamwa pangapa.

Ntchito yanga ndi yothira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu pa Nsaru. Tsiku lonse ndimangoonera timavidiyo, moti m'mutu mwangamu munadzaza nkhani zodabwitsa koma zopanda ntchito, ngati nkhokwe ya zitsononkho. Esinta yekha, namwali wa ku Kabudula, ndiye ankazikonda. Ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinati mkazi ndi ameneyu.

Tsiku lokaonekera kwa atsibweni ake, a Mbewe, ndinapita ndi achimwene anga aakulu. Panjira anandichenjeza: "Iwe, kumeneko ukangoyankha zimene wafunsidwa. Wamva eti?"

Ndinamva. (Makutu ndiye anamva, pakamwa panali kwina.)

Anatiyalira mphasa patsinde pa mango. Mayi Mbewe anabweretsa thobwa, moni anatha, kenaka kunangoti zii. Ine bata limandiyabwa. A Mbewe atafunsa ngati ndimakonda mpira, ndinaona ngati anditsegulira khola.

"Kwambiri, bambo. Koma kodi mukudziwa kuti munthu wina anasewerapo gofu pamwezi?"

"Mwezi wanji? Wa Malichi?"

"Ayi, mwezi weniweniwo, wakumwambawu."

Anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana achimwene. Achimwene anayang'ana nyerere.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza kuti sanakhulupirire chifukwa umboni wachepa.

"Anthu amapitadi kumwambako, mpaka kukhalako miyezi. Madzi kulibe, ndiye amasefa mkodzo wawo womwe n'kumamwa."

Apo n'kuti Mayi Mbewe kapu ya thobwa ili pakamwa. Anaitsitsa pang'onopang'ono, naikankhira kutali. Achimwene ananditsina pantchafu mpaka ndinamva kutentha.

A Mbewe, munthu waulemu, mkulu wa kwaya kutchalitchi kwawo, anayesa kundipulumutsa. "Tamva kuti mumagulitsa nyimbo. Zauzimu zilipo?"

"Zilipo zambiri. Koma oimba ena kunjaku ndi oopsa, bambo. Wina woimba nyimbo zaphokoso zamagitala zija analuma mleme mutu, anthu akuonerera."

"Mleme?"

"Mleme, bambo. Mutu wonse, dwe!"

(Mpaka lero sindidziwa chimene ndinaonetsera ndi mano.)

A Mbewe anasendeza mpando wawo m'mbuyo. Anafunsa motsitsa mawu: "Kodi mwana wanga, zonsezi mumaziona kuti?"

Apa ndiye ndinadzikumbira dzenje ndi manja anga. M'malo mongoti pafoni, ndinafuna kumveka wozama.

"Anthu akagona, ine ndimayenda dziko lonse ndili m'nyumba momwemo. Chimene ndimalakalaka n'kuuluka ndithu, ndikaone kumwambako ndi maso anga."

Mayi Mbewe anadzuka, nakusa ana onse amene ankasewera pabwalo, kuwalowetsa m'nyumba. Ndinamva chitseko chikutsekedwa, kenaka mpiringidzo. Esinta, amene ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe, anadziphimba kumaso ndi chitenje.

Nkhuku imene anatiphera sitinaione. Pobwerera achimwene anangopalasa njinga ngati akuthawa njuchi, ine pambuyo ndikumeza fumbi.

Yankho linabwera ndi Esinta mwini wake, maso ali psuu. "Atsibweni akuti mbumba yawo sangaipereke kwa munthu wouluka usiku, wodya mileme."

"Koma si ine ndinadya mlemewo!"

"Ndawauza. Akuti nanga munadziwa bwanji kalumidwe kake?"

Ndinapita ndi foni kuti ndikawaonetse timavidiyo tija. A Mbewe anakana ngakhale kuigwira. Chaka chisanathe Esinta anakwatiwa ndi mlimi wa fodya wa ku Nambuma, munthu amene ukamupatsa moni amangoti "eee". Ndinalira ngati mwana, ndikulumbira kuti pakamwa panga ndasoka.

Sabata yathayi, pochokera m'tauni, ndinakhala m'minibasi ndi mtsikana waulemu, womwetulira bwino. Anauza kondakitala kuti akutsikira ku Namitete. Ankaonera filimu yanthabwala pafoni, ija yomveka khamu likuseka kumbuyo. Ndinadziluma lilime mpaka pa Njewa. Kenaka ndinangomva mawu anga akuti: "Achemwali, kodi mukudziwa kuti kuseka kumeneko anajambula kalekale? Ena mwa akusekawo anamwalira."

Anatsikira pa Mpingu, ku Namitete kudakali kutali.