Tsiku Limene Ndinafupa Mfumukazi ku Greenwich

Linali Lachinayi, nthawi itangokwana 3 koloko masana, pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero bambo a Tadala akachikumbukira amatsamwa ndi tiyi. Ine ndine munthu wamanyazi. Ngakhale m'basi, wina akandiponda phazi, wopepesa ndimakhala ineyo. Ndiye mukamawerenga izi musaganize kuti ndimakonda kuonekera. Zinangondichitikira.

Ndiyambe ndi asisi Misozi. Kwawo ndi ku Chipata, timapemphera limodzi kuno ku Edmonton, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kukwera sitima za muno (sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye mapu a mizere yamitundumitundu aja ankangondizunguza mutu). Masiku ena amagwira ntchito yosamalira okalamba, koma chimene anaphunzira ndi kuimba opera. Kwa amene simuidziwa, opera ndi sewero limene anthu salankhula, chilichonse amachita kuimba. Munthu akafuna madzi amaimba. Akamamwalira amaimbanso, kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka umayamba kukayika ngati akudwaladi.

Zaka zonsezi asisi ankangopatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba, apo ayi kuima kumbuyo m'gulu.

"Amake Tadala, nanyamula ma tray pa stage mpaka manja yalema," anandiuza tsiku lina tikutsuka makapu kutchalitchi. "Bamaniuza ati mau yako ni yabwino maningi, koma mfumukazi ya mu nkhani iyi siioneka monga iwe. Manje mfumukazi yamene iimba Chitaliyana uku ikufa, bana ionapo kuti?"

Chaka chino kagulu kena ka opera ka ku Greenwich, kotsogozedwa ndi mayi wina wachizungu dzina lake Judith, kanawapatsa mbali ya mfumukaziyo. Tinasangalala ngati ukwati. Koma pasanapite nthawi, thandizo limene gululo linkalandira chaka ndi chaka linadulidwa. Opera imadya ndalama, abale. Holo, magetsi, zovala, oimba zing'wenyeng'wenye, onse amafuna kulipidwa, ndipo za matikiti zokha sizikwanira. Choncho Mayi Judith anaitana anthu opeza bwino amene amathandiza gululo kuti abwere masana adzamve nyimbo zingapo, kenaka apereke. Ena mwa iwo anali atayamba kale kung'ung'udza zakuti anthu sadzagula matikiti kukaonera mfumukazi yakuda.

"Ngati sibapereka, show yafa," anatero asisi pafoni. "Ndipo bazakamba ati yafa chifukwa cha ine. Bwera chabe, nifuna nione nkhope imozi ya kwathu."

Pa mawu onsewo, amene anakhazikika m'mutu mwanga ndi akuti anthu akapereka. Kwathu ku Dedza, malo amene wina akuimba kutsogolo ndipo ena akupereka ndalama timawadziwa bwino. Ndi perekaniperekani. Sindinafunse zambiri (manyazi omwewo). Ndinatenga mapaundi asanu a pepala amene ndinasungira matewera, ndinakhuthula ndalama zachitsulo za m'kachitini, ndinabereka Tadala kumbuyo, ulendo.

Holo yake inali yaing'ono, yoyang'ana kumtsinje. Munali anthu achikulire okhaokha, onunkhira bwino, ovala majekete. Akuda tinalipo ine ndi Tadala basi, iyenso ali mtulo. Anandikhazika kumbuyo pafupi ndi chitseko kuti mwana akalira ndituluke msanga. Pampando uliwonse panali envelopu yoyera. Ine ndinayesa muli ndondomeko ya mwambo, ndiye yangayo ndinangoikhalira. Ndinayang'ana kutsogolo: palibe lichero, palibe beseni, palibe woyendetsa mwambo woti aziitana anthu. Ndinati mwina abweretsa zinthu zikafika pakolasinga.

Anayamba kuimba bambo wina wonenepa. Anamaliza, anthu anaomba m'manja pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Palibe anaimirira. Ndinati chabwino, mwina ndalama akusungira mfumukazi.

Kenaka anatulukira asisi, atavala diresi lalitali lakuda, kumutu kachisoti konyezimira. Mayi Judith anafotokoza kuti apa mfumukazi yangolandira uthenga wakuti mwamuna wake wafera kunkhondo. Piyano inayamba. Abale, ndawamvapo asisi akuimba kutchalitchi, koma apa anali munthu wina. Chitaliyana sindichidziwa, koma ndinamva zonse. Ndinakumbukira tsiku limene ndinalandira foni ya maliro a mayi anga ndili kuno, wopanda ndalama ya ndege. Misozi inayamba kutsika yokha.

Ndinayang'ana anthu aja. Zii. Wina atagwira chibwano, wina atatsinzina. Palibe ngakhale mmodzi wopisa m'thumba. Mtima unayamba kundiwawa. Munthu akudzipereka chotere, thukuta kamukamu, inu mungomuyang'ana ngati mukudikira basi? Ndinaganiza kuti akuchitira dala, akufuna kumuchititsa manyazi chifukwa ndi wakuda. Ndipo ndinadziwa kuti pa perekaniperekani pamafunika munthu mmodzi woyambitsa, enawo amatsatira.

Asisi anakweza mawu, kukweza, kukwezabe, mpaka anafika pamwamba penipeni. Kenaka anasiya. Piyano nayo inasiya. M'holo monse munangoti chete.

(Ndinauzidwa pambuyo pake kuti kachetechete ameneyo ndi mbali ya nyimbo. Akuti ndi pamene mtima wa mfumukazi ukusweka, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti adzamve kachetechete ameneyo. Ine ndikanadziwa bwanji?)

Ndinaimirira. Nthungululu inatuluka yokha, ija yeniyeni ya ku Dedza yomveka kutsidya kwa dambo. Gogo wina amene anali patsogolo panga anadumpha mpaka magalasi anagwa. Tadala anadzidzimuka n'kuyamba kulira, koma ine ndinali nditalowa kale m'kanjira ka pakati, ndikuvina pang'onopang'ono monga timachitira, dzanja lili m'mwamba. Ndinayamba ndi zachitsulo. Kwathu timaponya za mapepala, zimagwa mwaulemu. Za kuno n'zolemera. Ina inagunda piyano, ina inagubuduka pansi kuzungulira holo yonse, ndipo aliyense anaimvetsera mpaka inakagona yokha pansi pa mpando wa munthu wina.

Apa ndinali nditazindikira kuti palibe akunditsatira. Munthu wanzeru akanabwerera. Koma kubwerera pakati pa njira ndinaona kuti ndi manyazi oposa, ndiye ndinapitirira mpaka kutsogolo, ndinatulutsa mapaundi asanu aja, n'kuwamata pachipumi pa mfumukazi. Ndalama za kuno ndi zapulasitiki. Zikakumana ndi thukuta zimagwira ngati zomatira.

Asisi sanagwedezeke. Milomo yokha ndi imene inayenda pang'ono.

"Amake Tadala. Nkhala pansi. Sinasilize."

Woimba piyano anayang'ana Mayi Judith, Mayi Judith anayang'ana kudenga, kenaka piyano inayambiranso. Asisi anamaliza nyimbo yonse, anagwada pansi kulira mwamuna wawo wofera kunkhondo, mapaundi asanu ali pachipumi. Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ine sindinakhale pansi. Ndinadutsa mpando wanga, ndinatuluka, ndinakadzitsekera m'chipinda chosinthira ana matewera.

Ndinakhala mmenemo ndikuyamwitsa mwana, ndikulira. Ndinati basi, ndawaphera asisi ntchito. Zaka zonse zija akudikira, ine ndaononga m'mphindi ziwiri. Aja ankang'ung'udza aja tsopano apeza ponenera.

Patapita nthawi chitseko chinagogodedwa. Anali asisi, chisoti chili m'manja.

"Iwe, choka mu toilet. Kuli bamene bakufuna."

"Asisi, ndikhululukireni. Ine ndimayesa..."

"Niziba zamene unayesa. Tiye."

Anthu anali akumwa tiyi. Titangolowa, bambo wina wamtali anali akuvala chikhoti chake. Anandiyang'ana, anayang'ana asisi, n'kuuza Mayi Judith kuti izi ndi zimene iye ankaopa. Anatuluka, envelopu yake ataisiya pampando.

Koma gogo wa magalasi uja anandikodola. Ndinaganiza kuti akufuna ndimulipire magalasi. Iye anafunsa kuti chimene ndinachita chija chimatanthauza chiyani. Chingerezi changa chikakumana ndi mantha chimathawa, ndiye ndinayankha m'Chichewa, asisi akumasulira. Ndinati kwathu munthu akakuimbira nyimbo yokufika pamtima, sudikira kuti ukaganize kaye kunyumba. Umamufupa pomwepo thukuta lisanaume, kuti adziwe kuti sali yekha. Ndinati ndinaona ngati onse amutaya.

Gogoyo ananena kuti wakhala akubwera ku opera kuyambira ali mtsikana, ndipo nthawi zambiri ankafuna kukuwa koma ankaopa anzake. Anatsegula chikwama, analemba kanthu, anaika mu envelopu n'kumata. M'malo moponya m'bokosi limene linali pakhomo (bokosi limene ine ndinalidutsa osaliona), anapita kwa asisi, anaima chonyang'ama, n'kuyesa kuwamata envelopuyo pachipumi. Inagwa, poti thukuta linali litauma. Anthu anaseka, Mayi Judith nawo anaseka koyamba tsiku limenelo, ngakhale kuseka kwake kunali kwa munthu amene mutu ukumupweteka.

Pobwerera m'sitima sindinayang'ane munthu kumaso. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera bambo a Tadala. Anaseka mpaka anakhala pansi pakhitchini, yunifomu ya kuchipatala ili m'thupi.

"Ndiye ya matewera mwapatsa mfumukazi? Mwanayu avala chisoti?"

Tikudya chakudya chamadzulo asisi anaimba foni. Ndalama sizinakwane zonse, anatero. Bambo wamtali uja ndi amene ankapereka zambiri, ndipo sabweranso. Koma enawo anapereka, ena kuposa kale, ndiye sewero lichitika, kungoti masiku achepetsedwa ndipo zovala akabwereka. Mfumukazi ndi iwo omwewo, palibe kusintha. Ine sindinganame kuti ndinapulumutsa opera. Anaipulumutsa ndi mawu a asisi, amene anaimba bwino chotero ndalama ili pamphumi. Mwinanso popanda ine bambo uja akanapereka. Zimenezo zimandibayabe ndikaziganiza.

"Usazivute na uja," anatero asisi. "Enze kufuna chabe chifukwa. Manje mvera. Judith akuti holo yonse sinakhalepo na muntu wamene analira monga iwe. Afuna bantu ba ku church babwere, azaika ma ticket yochipa. Koma pali lamulo."

"Lotani, asisi?"

"Nthungululu ni pa last. Piano ikasiliza, na ine nikaweramuka. Osati pakati. Ndipo ma coins osaponya, piano ni yobweleka."

Ndinalonjeza. Ndinalonjeza kawiri.

M'mawa mwake ndinabereka Tadala, ndinapita kaye kukagula matewera ndi ndalama imene bambo ake anandipatsa akusekabe. Kenaka ndinaimbira amayi a kwaya mmodzimmodzi, ine amene ndimaopa foni, kuwauza kuti mwana wa kwathu wakhala mfumukazi ku Greenwich ndipo aliyense akonze chitenje. Ndinawafotokozera bwinobwino za kachetechete uja, kuti akamumva asapupulume. Nditamaliza ndinalowa m'sitolo ya pakona, ndinasinthitsa mapaundi khumi kuti akhale mapepala awiri a mapaundi asanu, ndinawasunga m'Baibulo. Ndipo polembetsa tikiti yanga ndinapempha mpando wa m'mphepete, woyandikana ndi kanjira ka pakati.