Kalabu ya Membala Mmodzi

Lolemba, 8 Okutobala 1956

Kutentha. Inki ikuuma pa nsonga ya peni ndisanamalize liwu. Feira! Amene anaika boma pano ayenera kuti anali ndi mangawa ndi makalaliki.

Pa zenera la ofesi ndikuona chilumba cha mchenga pakati pa Zambezi, choyera mbee. Pamenepo pali kalabu ya Sinyoro Kasimiro, mwini sitolo wa kutsidya ku Zumbo. Mipando ya nsalu. Maambulera a udzu. Galamafoni. Mabotolo ozizira m'thumba lomizidwa m'madzi. Mpanda wa bango, kuti ng'ona zizingoonera kunja ngati ine.

Ndikatsinzina ndimaona nyanja yamchere ya kum'mwera, imene ndinaiona kamodzi ndili ku yunivesite. Mafunde aatali ngati nyumba, akugwada okha pamapazi anga. Ku yunivesiteko ndinachoka ndekha. Sanandichotse. Pepala lino lidziwe zimenezo.

Umembala wa kwa Sinyoro: mapaundi awiri pa chaka kwa obadwira kuno, atatu kwa ife a ku Nyasalande. Akuti Chitaganya chinatisandutsa dziko limodzi. Nkhaniyo sinawoloke mtsinje. Wopanda khadi sakwera ngakhale bwato lawo, pokhapokha atakhala mlendo wa membala. Membala amene ndikumudziwa ndi mmodzi: aTembo, womasulira wa pa boma, wa Sitandade 6, amene amanyambita chala asanatsegule tsamba lililonse. Ine kukhala mlendo wa aTembo? Bola ng'ona.

Vuto ndi ili. Misi Lungu, mphunzitsi wa ku Mburuma, abwera Loweruka pa lole ya makalata. Mwezi watha, pabwalo la tchalitchi, pakamwa panga panathamanga: "Mukadzabwera ndidzakutengani ku kalabu, mukapumule kumtsinje." Anaseka atagwira pakamwa, n'kuti: "Ndidzavala nsapato zoyera."

Mapaundi atatu ndilibe. Ngakhale ndikanakhala nawo, sindingawapereke kwa munthu wogulitsa mchere ndi makandulo.

Nzeru yabwera ndikumwa tiyi. Kalabu n'chiyani? Mchenga, mthunzi, mpando. Mchenga ngwa Mulungu. Mpando ndili nawo. Kumunsi kwa boma kuli gombe loyang'anana ndi chilumbacho, lopanda mtengo ndi umodzi womwe, lopanda munthu. Ndimanga yanga!

Lachiwiri, 9

Zofunika:
mitengo inayi ya mphanda
bango ndi udzu
mpando wanga wa pakhonde
mpando wachiwiri (wa mu ofesi, boma silidziwa kuti lili nawo)
mabisiketi a m'chitini, osatsegula mpaka Loweruka
ulemu

Ndalemba ganyu Jowaki, mpalasi amene amawolotsa anthu kupita ku Zumbo. Akuzika mitengo, akundiyang'ana, akuyang'ana madzi.

"Doko latsopano ili, aKalaliki?"

Ndikumuuza kuti si doko. Ndi kalabu. Malo amene anthu osankhika amakhala osachita kanthu.

"Ehe," akutero, n'kumanga luzi.

Malamulo a kalabu:
1. Wapampando ndine.
2. Mamembala ndine.
3. Omasulira salowa.

Dzuwa litapendeka ndikukhala mumthunzi wanga kwa nthawi yoyamba. Ndavula nsapato. Mchenga ukadali wofunda. Mapiri a kutsidya asanduka a buluu, ndiyeno ofiirira, ndiyeno ngati kulibe. Ndipo tamverani! Galamafoni ya Sinyoro ikuwoloka madzi yokha, ikufika m'makutu mwanga popanda khadi. Iwo alipira, ine ndikumvera. Mvuu ina ikuseka kumunsi. Ikuseka iwowo.

Ndikuona Misi Lungu pa mpando wa boma, mphepo ikugwedeza mpango wawo. Ndikuwauza za nyanja. Sakundidula mawu. Palibe wandidulapo mawu m'maloto anga.

Lachitatu, 10

Ndaweruka, ndatsika ndi buku m'khwapa. Fungo landilonjera ndisanafike.

Mumthunzi mwanga muli mayi wonenepa, madengu atatu a nsomba zouma za pende, ndi ntchentche za m'boma lonse la Feira. Dzina lawo ndi Mai Fulanzisika. Sindinafunse. Anena okha, n'kundisonyeza pokhala. Ine! Pamalo panga!

Ndikufotokoza mofatsa za umembala. Akumvetsera bwinobwino, mutu uli pambali, ngati ndikuimba.

"Mthunzi wa pagombe ulibe mwini, mwanangu. Ngwa wodikira mwadiya."

Mwadiya ndi bwato m'chinenero chawo. Akuti doko lakale lili kumtunda, m'matope ndi minga, ndipo chigwere mkuyu wake anthu akhala akupsa ngati mbatata. Lero aona denga pagombe. Denga pagombe ndi doko. Palibenso china chimene lingakhale.

Ndikuti bwato silikocheza pano. Ndisanatseke pakamwa, Jowaki uyo, akukocheza.

"Ndingatani, aKalaliki? Ine ndimatsata anthu. Anthu atsata mthunzi."

Yudasi! Ndinamulipira ndi dzanja langa.

Mai Fulanzisika pokwera andisiyira nsomba imodzi pa mpando. "Tatenda, bambo." Ndiye zikomo wa kuno. Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Yandiyang'ananso. Ndadya. Inali yabwino, ndipo zimenezo zandikwiyitsa koposa.

Gombe langokhala zii pamene kuwala kukutha. Nyimbo yawoloka. Ndatsinzina, koma nyanja ya lero ikununkha pende.

Lachinayi, 11

Chikwangwani! Munthu wophunzira amalimbana ndi mdima pogwiritsa ntchito zilembo. Ndalemba pa thabwa la bokosi la sopo, zilembo zazikulu zakuda: KALABU. MAMEMBALA OKHA. Ndakhoma m'mawa ndisanapite ku ntchito.

Madzulo ndapeza:
amuna asanu ndi anayi
akazi osawerengeka
njinga
mbuzi ziwiri, imodzi yomangidwa pa chikwangwani
mayi wapakati wochokera kutsidya, akupita ku chipatala ku Katondwe, ali pa mpando wanga

Amenewo sungawachotse. Ngakhale ine.

Choipitsitsa n'chakuti thabwalo lagwira ntchito, koma mobwerera. Kuno thabwa la zilembo limakhomedwa ndi boma lokha. Tsopano onse atsimikiza kuti dokoli ndi la boma, ndipo ine ndine mkulu wake. Nditangofika amuna aimirira, aomba m'manja, akwenga phazi pansi monga amachitira kwa akuluakulu. Mmodzi wanditambasulira chitupa chake. Wina naye. Apanga mzere! Ndayang'ana zitupa zonse. Ndikanatani? Zili bwino. Woloka, woloka, woloka.

Kunena zoona, palibe anandiomberapo m'manja chifikire m'dziko lino.

ATembo mu ofesi, akunyambita chala: "Ndamva boma lamanga doko kumunsiku. Anzathu a ku Nyasalande mumakonda chitukuko."

Mphungu sayankha nkhuku.

Loweruka layandikira. Usiku wathawu ndinalota denga langa litazuka ndi mitengo yake, likuyandama pa mtsinje, ine ndi Misi Lungu pansi pake, tikudutsa Tete, tikupita kunyanja. Mbuzi inali nafe. Sindikudziwa anaiitana ndani.

Lachisanu, 12

Njira yatsopano. Ngati akufuna mthunzi, atenge. Ndimanga wina chapatali, wa kalabu yeniyeni. Jowaki akuti mtengo wa bango wakwera, "chifukwa anthu a boma akugula kwambiri." Anthu a bomawo ndine.

Denga lachiwiri laima masana. Laling'ono, laudongo, loyang'ana kolowera dzuwa. Mipando iwiri yokha. Ndabwerera ku ofesi mtima uli m'malo.

Ndaweruka. M'denga lakale muli akazi okhaokha. M'denga latsopano muli amuna okhaokha, mmodzi akusoka ukonde pa mpando wa boma.

Mkulu wina wa ndevu zoyera wandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwachita za nzeru, aKalaliki. Dzulo ine ndinaima padzuwa tsiku lonse. Apongozi anga anali mkatimo. Munthu ungakhale bwanji mthunzi umodzi ndi apongozi? Sukulu ndi yabwino ndithu."

Zaka ziwiri za Chilatini, kuti ndilekanitse munthu ndi apongozi ake!

Zina zimene zamera zokha:
mayi wogulitsa maheu
wometa tsitsi ndi lumo
agalu

Ndipo mpeni womaliza. Bwato la kalabu ya Sinyoro, lopakidwa utoto wobiriwira, layamba kutengera mamembala ake pano, poti ndi pafupi ndipo nsapato sizida. Mpalasi wake wandipatsa botolo la zakumwa. "Sinyoro akuti tatenda chifukwa cha doko." Botolo lotentha. Ngakhale kuthokoza kwa munthu ameneyu sikulowa m'madzi.

Komabe mawa ndi mawa. Ndidzalawira. Ndidzasesa. Mwina Loweruka anthu amakhala kwawo.

Dzuwa likulowa lofiira ngati chilonda chokongola. Mbalame zoyera zikuuluka mzere pamwamba pa madzi, zikupita ku chilumba. Palibe akuzifunsa khadi.

Loweruka, 13

Loweruka anthu sakhala kwawo. Ndilo tsiku limene Zumbo yense amabwera ku Feira ndipo Feira yense amapita ku Zumbo.

Mbandakucha ndasesa, ndayala nsalu pa bokosi, makapu awiri, chitini cha mabisiketi. Kwa kanthawi kochepa kalabu yanga inalipo. Ndinaiona. Nkhungu yopyapyala pamadzi, mchenga wopanda phazi, mipando iwiri yoyang'ana kutsidya. Ndikufuna chimenechi chilembedwe.

Lole yafika dzuwa lili pamutu. Misi Lungu atsika. Diresi la maluwa achikasu, ambulera, nsapato zoyera. Ndikuwatsogolera kumunsi, ndikulankhula za nyengo, za mabuku, za chilichonse. Phokoso likumveka tisanakhote. Nkhuku. Wometa akukangana ndi wa maheu. Mai Fulanzisika abwerera ndi madengu asanu, ndipo akukuwa: "Mwanangu! Ndi mkamwana ameneyu?"

Misi Lungu agwira kampango pamphuno. Akuyang'ana madenga anga awiri.

"Boma laganiza bwino, anthu asamapse. Koma fungo, mayo! Bwato la ku kalabu lifika nthawi yanji?"

Akuyang'ana chilumba. Maso awo onse ali kumeneko.

Lilime ili linatsutsapo mapulofesa. Lero lagona ngati pende.

Bwato lobiriwira lakocheza. Mpalasi akuti: "Makhadi, mabwana." Ndikufufuza m'thumba la jekete. Lina. La thalauza. Ndikufufuza chinthu chimene ndikudziwa kuti mulibe, ndipo ndikufufuza mosamala.

M'denga la amuna mukutuluka aTembo. Suti yoyera. Anakhala pa mpando wanga nthawi yonseyi.

"Misi akhoza kukhala mlendo wanga. Pepani aKalaliki, lamulo limalola mlendo mmodzi yekha."

Misi Lungu akutembenukira kwa ine. "Inu simukubwera?"

"Ndili ndi ntchito ya boma pano pa doko."

"Ngakhale Loweruka? Koma inu mumagwira ntchito!"

Anena mwaulemu weniweni. Akanandiseka bwenzi zili bwino.

Avula nsapato kuti akwere. Azinyamula m'manja. Bwato likuchepa, likuchepa, mpaka chatsala ndi kadontho kachikasu pa mchenga woyera. Kenaka galamafoni. Ikuwoloka monga mwa masiku onse, yaulere.

Munthu wina wanditambasulira chitupa. Chili bwino. Woloka.

Mabisiketi ndatsegula. Azungulira madenga onse awiri, ndipo chitini chatengedwa ndi wa maheu.

Lamulungu, 14

Lole yabwerera ku Mburuma m'mawa. Ndinali m'tchalitchi, kumbuyo kwa mzati. Potuluka aTembo akuti: "Misi akupereka moni. Akuti musamadzitopetse." Mphuno yawo yasupuka ndi dzuwa. Ndi chitonthozo chokhacho cha sabata ino.

Mapaundi atatu sindinapereke. Pafupifupi imodzi yapita ku bango. Ndiye kuti ndapulumutsa ziwiri. Ndikuyesa kusangalala. Sizikubwera.

Mpando wa boma wathyoka mwendo. Ndiubweza mawa anthu asanafike, ndiuika pa desiki ya aTembo.

Masana mapazi anditengera okha kumunsi. Madenga onse adzaza. Ndaima padzuwa, manja kumbuyo, ndikuyang'ana madzi akupita kunyanja popanda ine. Adzafika. Amafika nthawi zonse.

Mayi wina wachikulire wa ku Kavalamanja, amene sandidziwa, wasuntha mtolo wake.

"Khalani apa bambo, mungapse. Musaope, salipiritsa. Akuti anamanga Mnyasa wina wa pa boma. Anaphunzira kwambiri, mpaka anasowa chochita."

Ndakhala. Pansi, pa mchenga, pakati pa mtolo ndi dengu la tomato.

"Mukuwolokera kuti?"

"Sindikuwoloka, mayi."

"Nanga mukudikira chiyani?"

Ndaganiza. Ndaganizadi. Kenaka ndasendera pang'ono, kuti mbuzi yawo nayo ilowe mumthunzi.