Mitala ya M'mutu

Pa msinkhu wanga uno, m'kamwa mutatsala mano asanu ndi limodzi, ndinakhazikidwa pansi ndi ankhoswe pa mlandu wa chibwenzi. Sekani, koma mumve kaye.

Chaka chimene matalala anaboola fodya wanga yense kuno ku Chezi, m'mutu mwanga munalowa mlendo. Ndikati ndidzuke, kamawu: "Ndiwe wachabechabe. Mkamwini wanji wolephera kudyetsa banja?" Ndikati ndipite ku bawo: "Akakuseka." Ndinasiya bawo, ndinasiya tchalitchi, n'kumangokhala kuseri kwa chigafa cha fodya ngati nkhuku ya chitopa.

Nditapita kuchipatala kukayezetsa magazi, anandilozera kwa phungu wa za maganizo, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga. "Agogo," anatero, "si ganizo lililonse limanena zoona. Likabwera ligwireni, mulifunse umboni, kenako muliyankhe. Ndipo ku bawo muzipita, ngakhale mtima ukane." Ankafuna ndizilemba m'kope, koma ine sukulu ndinailekezera pomwe amayambira samu zochotsera (aphunzitsi ndi ine sitinkamwerana madzi). Ndiye anati, "Chabwino, lipatseni dzina, muzilankhula nalo."

Dzina linangotuluka lokha: Nabanda. Musandifunse chifukwa. Ndinaiwala kuti ku Dowa kuno ukaponya mwala kuchigayo umagenda Anabanda atatu.

Komatu zinagwira. Kamawu kakayamba, ine: "Nabanda, umboni uli kuti? Matalala ndinagwetsa ndine? Fodya wa anzanga sanabooke?" Nabanda n'kuthawa. Sabata yachitatu ndinali pa bawo, kudya anthu mosawamvera chisoni.

Vuto ndi lakuti makutu anga anagontha pang'ono, ndiye zomwe ine ndimati kunong'ona zimamveka kutsidya kwa dambo. Akazi anga, Anaphiri, ndinali ndisanawauze kanthu (ndinkati mwamuna sadandaula za mutu). Tsiku lina tikuthirira kudimba anandimva: "Nabanda, lero usandivute, mayi ali pompano. Dzulo unanditopetsa mokwanira."

Anatula kheni pansi, n'kumapita osacheuka.

Pofika Loweruka, Anabanda anayi a m'mudzi muno anali atafunsidwa kale. Mmodzi, mayi wamasiye wa mvano, anabwera ku mlanduwo atamanga nsalu m'chiuno. Alamu anga, omwe ndi ankhoswe, sanazungulire: "Alamu, mwakhala pano zaka makumi anayi. Tchulani Nabanda wake. Apo ayi, mphasa yanu ndi iyo, njira ya kwanu ku Ntchisi mukuidziwa."

Pomwepo kamawu kanayamba: "Ukaulula akuseka, ati wapenga."

Ine kuiwala pomwe ndili: "Nabanda, khala chete!"

Maso onse kwa mayi wamasiye uja, yemwe anali asanatsegule n'komwe pakamwa. "Ine?" anadzambatuka. "Mundigwire, abale, ndingapalamule!"

Panalibenso kothawira. Ndinaulula zonse: matalala, chigafa, phungu, dzina. Ena anasekadi (apa Nabanda ananena zoona), koma ndinadzigwiragwira n'kupeza ndikadali moyo. Ndinawauza kuti aseke mpaka atsamwe, ine kuseri kwa chigafa sindibwererako.

Anaphiri okha sanaseke. "Miyezi yonseyi mumavutika, n'kukauza mwana wa eni ake, ine ndili pompano? Bola chikanakhala chibwenzi, ndikanadziwa woti ndimumenye."

Amenewo ndiwo mawu anandilasa.

Ankhoswe anagamula ziwiri: ndipepese mayi wamasiye ndi nkhuku, ndiponso ndisinthe dzinalo. Nkhuku ndinapereka, yoikira mazira. Dzina ndinakana. Munthu anazolowera kale, ndikamuitana lina adzayesa ndikunena wina.

Amabwerabe, sindinama, makamaka mitambo ikada. Koma masiku ano ndikangoti ndwii, Anaphiri amaima pakhomo manja m'chiuno: "Mkazi mnzanga wabweranso? Muuzeni kuti pakhomo pano wamkulu ndine."

Amathawa asanafunsidwe n'komwe umboni.